Khadi la NHIMA ndi Mtunda wa ku Chipatala

Aliyense wolembedwa ntchito m'Zambia akayang'ana pepala la malipiro ake amapezapo mzere wolembedwa kuti NHIMA. Mzerewu unayamba kuoneka mu Okutobala 2019. Ndalama yake si yoopsa: kwacha imodzi pa makwacha 100 alionse a malipiro enieni, osawerengera zoonjezera monga ndalama ya nyumba, ndipo wolemba ntchito amaponyapo ina yolingana nayo. Mphunzitsi wa ku Kabulonga mu Lusaka ndi mnzake wa ku Tafelansoni m'boma la Chadiza, ngati ali pa mlingo umodzi wa malipiro, amadulidwa chimodzimodzi. Makhadi awo ndi ofanana, ndipo lamulo limawalonjeza zofanana. Koma dzino likabooka, maso akayamba kuchita chidima, kapena dokotala akalemba mankhwala omwe m'chipatala atha, awiriwa amasiyana kutali. Wa ku Lusaka amakwera minibasi n'kusankha khomo loti alowe. Wa ku Chadiza amayamba wawerenga ndalama ya ulendo, n'kupempha tsiku kwa ahedi, kenaka n'kufunsa ngati msewu ukupitika.

Chomwe chimawasiyanitsa ndi mndandanda wa malo ovomerezeka, ndiko kuti zipatala, masitolo a mankhwala, malo opimira magazi ndi malo ena omwe khadilo limalandiridwa. Mndandanda woterewu wayambanitsa andale m'maiko ambiri, ndipo m'Zambia mkangano wake udakali mkati.

Inshuwalansi ya zaumoyo imafanana pang'ono ndi chilimba, poti anthu ambiri amasonkha pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Kusiyana kwake n'kwakuti pa chilimba aliyense amadikira tsiku lake lolandira, pomwe pa inshuwalansi wopindula ndi yekhayo amene wadwala, ndipo salandira ndalama m'manja. Wosunga thumba amalipira chipatala chomwe chamuthandiza. Tsono chipatala chake chiti? Wosunga thumba sangalipire aliyense amene watumiza bilu. Amayamba waona ngati malowo ali ndi chilolezo, ngati ali ndi antchito ophunzira ndi zipangizo, komanso ngati avomera mitengo yomwe iye waika. M'Zambia chipatala chimatenga chilolezo ku bungwe la Health Professions Council of Zambia, sitolo ya mankhwala imatenga ku ZAMRA, ndipo pambuyo pake mpamene malowo amapempha NHIMA, bungwe losunga thumbali, kuti iwaike pa mndandanda wake. Wodwala akapita kumalo omwe sali pa mndandandawo, khadi lake silinena kanthu. Apisa m'thumba mwake.

Lamulo ndi malonjezo ake

Lamulo lokhazikitsa inshuwalansi ya dziko lonse, National Health Insurance Act, ndi la nambala 2 la chaka cha 2018. Linadutsa m'nyumba ya malamulo pa nthawi ya boma la PF, pulezidenti ali Edgar Lungu, nduna ya zaumoyo ali Dr Chitalu Chilufya. Silinadutse mwakachetechete. Mabungwe a anthu apantchito, kuphatikizapo ZCTU, anadandaula kuti wantchito akudulidwa kale msonkho wa PAYE ndi ndalama ya penshoni, ndiye kumuonjezera china n'kumupsinja. Ena ankafunsa chifukwa choti alipirire zipatala zomwe msonkho wawo ukuyendetsa kale, zomwenso nthawi zambiri zimawabweza ndi kapepala koti akagule okha mankhwala. Enanso anali kale ndi inshuwalansi ya kuntchito kwawo ndipo ankaona ngati alipira kawiri.

Yankho la boma linali lakuti thumbali lidzabweretsa mankhwala ndi zipangizo m'zipatala za boma, ndipo membala adzatha kuthandizidwanso kumalo omwe si a boma. Anthu anayamba kugwiritsa ntchito makhadi mu Febuluwale 2020. Oyamba kulowa pa mndandanda anali zipatala za boma ndi za mishoni, kenaka panabwera masitolo a mankhwala, malo opimira, madokotala a mano ndi a maso, ndi zipatala zolipiritsa. Khadi limodzi limafunditsa membala pamodzi ndi anthu 6 a m'banja mwake, ndipo okalamba opitirira zaka 65 sasonkha.

Pali mfundo imodzi yomwe anthu a m'tauni saiganizira kawirikawiri koma ndiyo yofunika kwambiri kumudzi. Mndandanda wa zipatala za boma unayambira pa chipatala chachikulu cha paboma kupita m'mwamba. Makiliniki a kumidzi, kumene anthu ambiri amayambira akadwala, sanali m'gulu lomwe NHIMA inayamba nalo. Chifukwa chake n'chomveka: thandizo la kumeneko ndi laulere kale. Malipiro a m'zipatala, omwe anabwera ndi kusintha kwa zaumoyo m'zaka zoyambirira za boma la Frederick Chiluba, anachotsedwa m'maboma a kumidzi mu Epulo 2006 pa nthawi ya Levy Mwanawasa, ndipo mu 2012 boma la Michael Sata linawachotsa pa thandizo loyambirira m'dziko lonse. Choncho munthu wa ku Chadiza anasiya kalekale kulipira kuti aonane ndi namwino kapena kuti apimidwe malungo. Khadi la NHIMA linabwera kudzamulonjeza zoposa pamenepo: mankhwala omwe chipatala chilibe, kupimidwa ndi makina akuluakulu, opaleshoni, mano, maso, chipinda chabwinoko akagonekedwa. Vuto n'lakuti zambiri mwa zimenezi zimapezeka kutali ndi kwawo.

Chadiza pa mapu

Chadiza ili kum'mwera kwa Chipata, m'malire ndi Mozambique. Anthu ake, omwe kalembera wa 2022 anapeza kuti ndi oposa 100,000, ambiri ndi Achewa a pansi pa mafumu Mlolo, Zingalume ndi Mwangala, onse a Kalonga Gawa Undi. Mu 2012 dera la Vubwi linapatulidwa kukhala boma palokha. Moyo wa kuno ndi khasu ndi ng'ombe zapagoli: chimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa, thonje ndi fodya. Olandira malipiro a pamwezi ndi ochepa, ndipo ambiri a iwo ndi antchito a boma, aphunzitsi, anamwino, apolisi, alangizi a zaulimi ndi antchito a kukhonsolo. Chiwerengero chawo chinakwera mu 2022 pamene boma la UPND linalemba aphunzitsi oposa 30,000 ndi antchito a zaumoyo oposa 11,000, ambiri n'kuwatumiza kumidzi. Onsewa anayamba kudulidwa ya NHIMA pa malipiro awo oyamba.

Paboma pali Chadiza District Hospital, ndipo kumidzi kuli makiliniki monga Zemba, Miti, Nsadzu ndi Tafelansoni. Matenda akakula kuposa mphamvu za chipatala cha paboma, wodwala amatumizidwa ku Chipata Central Hospital, pa mtunda wa makilomita oposa 70, kapena ku St Francis ku Katete, chipatala cha mishoni chomwe a Anglican ndi Akatolika amayendetsa limodzi. Ofuna thandizo la maso ambiri amadziwa njira ya ku Mwami, chipatala cha a Seventh-day Adventist kufupi ndi malire a Malawi. Khansa ikapezeka, ulendo ndi wa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, ndipo kuchokera ku Chipata kokha ndi makilomita oposa 550. Msewu wa Chipata–Chadiza unalonjezedwa phula pa ndondomeko ya Link Zambia 8000 yomwe inayamba mu 2012, koma ntchito yake inkangoyamba n'kuima kwa zaka zambiri, ndipo nkhaniyi yakhala pakamwa pa aliyense wopempha mavoti kuno.

Tiyerekeze namwino wa pa kiliniki ina ya kumidzi amene malipiro ake enieni ndi K6,000 pa mwezi. Amadulidwa K60, boma n'kuikapo K60, ndiye kuti pa chaka thumba la NHIMA limalandira K1,440 m'dzina lake. Mwana wake akafuna mankhwala omwe chipatala cha paboma chilibe, dokotala amalemba pepala loti akatenge kusitolo yovomerezeka popanda kulipira. Masitolo oterowo anachulukana ku Lusaka, ku Copperbelt ndi m'matauni akuluakulu monga Chipata, pakuti wamalonda amatsegula pomwe pali anthu ambiri a malipiro. Namwinoyu akawerenga ndalama yopita ndi kubwera, chakudya cha panjira ndi tsiku lomwe kiliniki itsale ndi munthu mmodzi, nthawi zambiri amapeza kuti kugula mankhwalawo ndi ndalama zake pafupi n'kotchipa kuposa kukawatenga aulere kutali. Ndalama yake ya K1,440 sitayika ayi. Imakalipira mabilu a mamembala ena amene malo ovomerezeka ali pakhomo pawo. Palibe amene anakonza dala kuti wa kumudzi azithandiza wa m'tauni, koma umu ndi mmene ndalamazo zimayendera, ndipo n'zobwerera m'mbuyo poyerekeza ndi cholinga cha lamulo, chomwe chinali chakuti wokhala bwino anyamule wovutika.

Kumene mndandanda amaufupikitsa dala

Kuti timvetse mkangano wa kwathu, n'kwabwino kuona kumene unatchuka kwambiri. Ku America inshuwalansi ya zaumoyo imagulitsidwa ndi makampani opikisana. Lamulo la Affordable Care Act, lomwe Barack Obama anasaina mu 2010, linaletsa makampaniwo kukana munthu chifukwa chakuti ndi wodwaladwala kapena kumulipiritsa zambiri pa chifukwa chimenecho. Njira yomwe inawatsalira yotsitsira mitengo inali kufupikitsa mndandanda. Kampani imapita kwa zipatala zingapo n'kuziuza kuti: mukatsitsa mitengo, odwala athu onse tidzawatumiza kwa inu. Chipatala chokana kutsitsa chimasiyidwa panja. Wogula amalipira zochepa pa mwezi, koma dokotala yemwe anamuzolowera mwina sakhalanso pa mndandanda.

Misika ya inshuwalansi yomwe lamulolo linakhazikitsa itayamba kugwira ntchito mu 2014, nkhaniyi inaphulika. M'chigawo cha New Hampshire kampani imodzi yokha, Anthem, ndiyo inkagulitsa pamsikawo chaka chimenecho, ndipo inasiya panja zipatala 10 mwa zipatala 26. Anthu ena anauzidwa kuti azidutsa chipatala cha m'tauni mwawo kupita cha kutali. A chipani cha Republican anainyamula nkhaniyo pa kampeni, n'kumakumbutsa anthu kuti Obama analonjeza kuti wokonda dokotala wake sadzamutaya. Mmodzi wa iwo, Scott Brown, anaigwiritsa ntchito polimbana ndi Jeanne Shaheen pa chisankho cha Senate cha chaka chomwecho, ngakhale Shaheen anapambana. Ku Seattle, chipatala chachikulu cha ana chinapita kukhoti mu 2013 chitasiyidwa pa mindandanda ya makampani ena.

Oikira kumbuyo mndandanda waufupi anali ndi mfundo yeniyeni. Kampani ikakakamizidwa kulandira chipatala chilichonse, imataya mphamvu yokambirana mitengo, ndipo wolipira mapeto ake ndi membala. Anthu ambiri osauka ankasankha okha mndandanda waufupi chifukwa ndi womwe akanakwanitsa. Otsutsa ankati munthu amagula inshuwalansi ali bwinobwino, osadziwa matenda omwe adzadwale, ndiye amazindikira kufupika kwa mndandanda tsiku lomwe sangathenso kusintha. Kumene mbali ziwirizi zinakumana ndi pa muyeso. Kuyambira 2023, boma la America limapima mindandanda ya pamsika wake poyang'ana mtunda ndi nthawi yomwe membala angayende kuti apeze dokotala wa mtundu uliwonse, ndipo muyesowo umasiyana pakati pa mizinda ndi madera a kumidzi.

Abale athu omwe amagwira ntchito ku Joni amadziwa mtundu wina wa nkhani yomweyi. Ku South Africa mabungwe a inshuwalansi ya zaumoyo amayendera lamulo la Medical Schemes Act la 1998, ndipo amaloledwa kusankhira mamembala awo zipatala zoti azipita. Wopita kwina mwakufuna kwake amaonjezera ndalama. Koma malamulo a kumeneko anaika chitetezo chimodzi chomwe n'choyenera kuchiphunzira. Pa matenda omwe bungwe lililonse likukakamizidwa kulipira, ngati wodwala wapita kuchipatala cha kunja kwa mndandanda chifukwa kunali kwadzidzidzi, kapena thandizolo kunalibe, kapena chipatala cha pa mndandanda chili kutali mopyola muyeso ndi kumene amakhala kapena kugwira ntchito, bungwelo liyenera kulipira bilu yonse. Mlandu wa mtunda umagwera wosunga thumba, osati wodwala.

Ku Ghana, kumene inshuwalansi ya dziko lonse inakhazikitsidwa mu 2003, boma linayesa mu 2012 kuti membala aliyense m'chigawo cha Ashanti asankhe chipatala chimodzi choti aziyambirako. Cholinga chinali kuchepetsa mabilu. Anthu a kumeneko, kumene chipani cha NPP chili ndi mphamvu, anaona ngati akulangidwa, ndipo NPP italowa m'boma mu 2017 inaithetsa ndondomekoyo.

Mkangano wa ku Lusaka

M'Zambia makampani ogulitsa inshuwalansi ya zaumoyo alipo, ndipo amayang'aniridwa ndi Pensions and Insurance Authority, koma makasitomala awo ndi ochepa, makamaka antchito a m'migodi, m'mabanki ndi m'mabungwe akuluakulu. Mkangano waukulu uli pa NHIMA. Boma la Hakainde Hichilema litalowa mu 2021 linaisamutsira ku unduna wa zantchito, poona kuti ndi thumba la antchito lofanana ndi la penshoni la NAPSA, ndiponso kuti wogula thandizo asakhale pansi pa denga limodzi ndi wogulitsa. Mu 2024 inabwezedwa ku unduna wa zaumoyo. Kusamukasamukaku kukuonetsa kuti ngakhale boma lenilenilo lakhala likusinkhasinkha kuti thumbali ndi la yani: la osonkha, kapena la zipatala za boma.

Mndandanda utakula, anthu anayamba kugwiritsa ntchito makhadi kwambiri, ndipo mabilu anakwera mofulumira kuposa zosonkha. Eni zipatala zolipiritsa ndi masitolo a mankhwala akhala akudandaula poyera kuti malipiro awo amachedwa ndipo mitengo yomwe NHIMA imaika ndi yotsika, moti ena nthawi zina amasiya kulandira makhadi. Nawo a NHIMA akhala akudandaula za mabilu achinyengo ndi olemba ntchito omwe sapereka zomwe adula. Pamenepa mawu agawika.

Ena akuti mndandanda ufupikitsidwe, ndalama zipite kuzipatala za boma ndi za mishoni kumene anthu ambiri amapita. Iwo amati kwacha iliyonse yolipira chipatala cholipiritsa cha ku Lusaka ikanagula mankhwala kapena kukonza makina pa chipatala cha paboma. Mabungwe a antchito ndi mamembala a m'tauni amayankha kuti anavomera kudulidwa chifukwa cha lonjezo loti adzasankha okha, ndipo kuwabwezera pamzere womwe anauthawa n'kuwabera. Amakumbutsanso kuti mankhwala a boma amasowa pa zifukwa zomwe si ndalama zokha: mu Meyi 2025 kazembe wa America ku Lusaka, Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lake lidula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pa chaka chifukwa cha kubedwa kwa mankhwala operekedwa mwaulere. Gulu lachitatu likuti vuto ndi kuchepa kwa zosonkha, ndipo likufuna kuti ndalama izidulidwa pa malipiro onse pamodzi ndi zoonjezera. Wantchito akamva zimenezo amafunsa kuti aonjezere bwanji pa chinthu chomwe sichinamukhutitse.

Aliyense mwa atatuwa ali ndi pomwe akunena zoona. Koma womvetsera ali ku Chadiza amaona kuti mkangano wonsewu ndi wa anthu omwe ali ndi makomo ambiri pafupi. Funso loti zipatala zolipiritsa zikhale pa mndandanda kapena ayi limasintha moyo wa munthu wa ku Woodlands kapena ku Kitwe. Kwa mphunzitsi wa ku Zemba silisintha zambiri, chifukwa mndandanda wake unafupika kale popanda wina kuufupikitsa. Ku America mndandanda umafupika pa tebulo lokambirana mitengo, ndipo boma lingaletse kampani kuchita zimenezo. Wa kuno umafupika chifukwa kulibe woti aikidwepo, ndipo kuletsa kulikonse sikungabale dokotala wa mano pa Chadiza. Ndiye chifukwa chake sindikhutira boma likamalengeza kuchuluka kwa malo ovomerezeka m'dziko lonse ngati umboni woti zinthu zikuyenda. Malo mazana angapo ounjikana m'mbali mwa njanji sauza munthu kanthu za mtunda womwe mayi wa kwa Mwangala ayende.

Ngati mbali ina iyenera kupambana, ine ndimapendekera kwa omwe akufuna kuti ndalama zambiri zipite kuzipatala za boma ndi za mishoni, pa chifukwa chimodzi: ndizo zokha zomwe zinafika kumidzi. Zipatala za mipingo, zomwe zili pansi pa bungwe la CHAZ lomwe linakhazikitsidwa mu 1970, zinamangidwa dala kumalo komwe wamalonda sakanapita. Koma kupendekera kumeneku kuli ndi malire ake. Kufupikitsa mndandanda ku Lusaka sikutanthauza kuti ndalama zopulumutsidwazo zifika zokha ku Chadiza. Chipatala cha boma chimalandira ndalama za NHIMA molingana ndi odwala a makhadi omwe chawathandiza ndi mabilu omwe chatumiza. Boma lomwe muli antchito a malipiro ochepa lidzatumiza mabilu ochepa, lidzalandira zochepa, ndipo lidzatsalirabe m'mbuyo. Zipatala zikuluzikulu za ku Lusaka ndi Ndola, zomwe zili ndi makompyuta, intaneti yodalirika ndi antchito olemba mabilu, ndizo zidzatenge gawo lalikulu. Popanda kukonza kagawidwe, ndalama zingangochoka kukhomo lina la mu Lusaka kupita kukhomo linzake la mu Lusaka momwemo.

Mlimi ali pati?

Zonsezi ndi za anthu a malipiro. Koma anthu ambiri a ku Chadiza ndi alimi, ndipo lamulo limati nawonso alembetse n'kumasonkha molingana ndi zomwe amapeza. Ndondomeko yake ndi ya mwezi ndi mwezi, kudzera pa foni kapena kubanki. Mlimi salandira mwezi ndi mwezi. Ndalama imamufika akagulitsa soya kapena nshawa kwa ogula oyendayenda, kapena bungwe la boma la FRA likamulipira chimanga, ndipo imatha ndi feteleza, mbewu ndi zofunika za ana a sukulu. Januwale ndi Febuluwale, miyezi yomwe malungo amavuta kwambiri, ndi yomwenso nkhokwe imakhala itapepuka. Chaka ngati 2024, pamene pulezidenti analengeza kuti chilala ndi ngozi ya dziko lonse, palibe mlimi akanaika khadi patsogolo pa ufa.

Akati asonkhe, mlimiyo amafunsa funso lanzeru: ndipindula chiyani? Kukiliniki amathandizidwa ulere, khadi alibe kapena ali nalo. Chomwe chimamusaukitsa matenda akagwa m'nyumba si bilu ya dokotala kwenikweni. Ndi njinga yamoto yonyamula wodwala usiku, ndi chakudya cha womudikirira kuchipatala masabata awiri, ndi munda womwe watsala osapalira, ndi mbuzi kapena ng'ombe yogulitsidwa motchipa kuti papezeke ya ulendo wa ku Chipata kapena ku Lusaka. Khadi sililipira chilichonse mwa zimenezi. Munthu wotere akapanda kulembetsa, si umbuli. Wawerengera bwino.

Kutsidya kwa malire, ku Malawi, boma linayesa njira ina yothana ndi mtunda. Kumeneko thandizo la m'zipatala za boma ndi laulere, koma madera ambiri chipatala chapafupi ndi cha mishoni chomwe chimalipiritsa. Kuyambira cha m'ma 2006 maofesi a zaumoyo a m'maboma anayamba kusainirana mapangano ndi zipatala za mishoni za pansi pa bungwe la CHAM kuti amayi apakati ndi ana azithandizidwa ulere, boma n'kumalipira. Mapanganowa akhala ndi mavuto awo, makamaka boma likachedwa kulipira, koma maganizo ake ndi olondola: funso loyamba linali la mudzi, kuti anthu a apa apita kuti, kenaka ndalama n'kulondola yankholo.

Zomwe zingapimidwe

Mndandanda wabwino uyenera kupimidwa kuchokera pakhomo pa wodwala. NHIMA imadziwa komwe mamembala ake amagwira ntchito, ndipo imadziwa komwe kuli malo onse omwe inavomereza. Sikovuta kusindikiza, boma ndi boma, mtunda womwe membala amayenda kuti apeze sitolo ya mankhwala yovomerezeka, dokotala wa mano, wopima maso ndi makina ojambula m'thupi. Pomwe mtundawo wapyola muyeso, udindo ukhale wa thumba, monga momwe malamulo a ku South Africa amachitira: libweze ndalama kwa membala yemwe wagula mankhwala pasitolo yapafupi yokhala ndi chilolezo cha ZAMRA, kapena lilipire madokotala a ku Chipata, ku Katete ndi ku Mwami kuti azibwera pa Chadiza pa masiku odziwika. Kuyenda kwa dokotala mmodzi ndi zipangizo zake n'kotchipa kuposa kuyenda kwa odwala makumi anayi. Mitengo yomwe NHIMA imalipira ingakhalenso yokwererapo kumaboma akutali, kuti wamalonda aone chifukwa chotsegulira sitolo kumeneko. Mlimi naye aloledwe kusonkha kamodzi pa chaka akakolola, popanda khadi lake kutsekedwa pakati pa dzinja.

Zina sizifuna kudikira Lusaka. Ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, zinakwera mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo zakhala zikukwerabe. Makomiti a m'mawodi akamasankha zochita, nyumba ya namwino, chipinda chodikirira amayi apakati ndi kukonza mlatho wa panjira ya kuchipatala zimakhudza kutalika kwa mndandanda kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa wantchito wa zaumoyo sakhazikika pomwe alibe pogona, ndipo ambulansi siuluka pamtsinje wodzaza.

Phungu wa Chadiza, kaya ndi wa chipani chiti, ali ndi ufulu wofunsa nduna funso m'nyumba ya malamulo, ndipo nduna iyenera kuyankha. Funso loyenera kuyamba nalo ndi lalifupi: kuyambira Okutobala 2019, NHIMA yatolera ndalama zingati kwa antchito ndi olemba ntchito a m'boma la Chadiza, ndipo yalipira zingati kumalo a zaumoyo a m'boma lomwelo? Aphungu a Vubwi, Sinda, Chama ndi Lumezi angafunsenso chimodzimodzi za kwawo, ndipo mayankho ake akhoza kuikidwa pambali pa a Lusaka ndi Kitwe mkangano wokweza zosonkha usanathe.